Mpanda, sikana kapena cobot: titeteze bwanji munthu wogwira ntchito pafupi ndi loboti?

Mu 1981, pafakitale ya Kawasaki mumzinda wa Akashi ku Japan, mmisiri wa zaka 37, bambo Kenji Urada, anaona kuti loboti ya pamalo pawo sikuyenda bwino. Lobotiyo inali ndi chotchinga chimene anachikonza moti munthu akatsegula polowera, makina azizima okha. Bambo Urada sanatsegule. Anadumpha chotchingacho, ndipo ali m'katimo lobotiyo inadzuka n'kuwapanikizira kumakina opanga magiya. Anzawo anathamangira pomwepo, koma panalibe wodziwa poizimitsira.

Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, pa 25 January 1979, Robert Williams wa zaka 25 anafa pafakitale ya Ford ku Flat Rock, m'chigawo cha Michigan ku America. Makina otola zitsulo m'mashelefu ataliatali ankasokoneza chiwerengero, iye n'kukwera kuti akatenge yekha, mkono wa makinawo n'kumumenya kumutu. Mu 2015 mnyamata wina anafa pafakitale ya Volkswagen ku Baunatal, Germany, ali m'kati mwa mpanda kuika loboti yatsopano. Mu November 2023 ku South Korea, mmisiri amene ankayesa masensa (tizipangizo tozindikira zinthu) a loboti yonyamula mabokosi a tsabola anagwidwa ndi lobotiyo n'kukanikiziridwa palamba woyendetsa katundu.

Mwa anthu anayiwa palibe amene ankangodutsa. Onse analowa pamalo a loboti chifukwa china chake chinavuta, kapena chinafunika kuikidwa ndi kuyesedwa. Ndiye ine ndikamayerekeza njira zotetezera, sindiyamba n'kufunsa kuti njirayi ikuoneka bwanji zinthu zikuyenda bwino. Ndimafunsa kuti katoni ikapindika, sensa ikachita fumbi, kapitawo ali pamsana kufuna katundu, munthu adzalowa bwanji, ndipo adzalowa kangati pa shifiti imodzi.

Kwathu kuno tikati maloboti ambiri amaganiza za magetsi a pamphambano za msewu. Pano ndikunena mikono yachitsulo ija imene imawotcherera, kupenta, kunyamula ndi kusanja katundu. Bungwe la International Federation of Robotics linawerengera kuti pofika 2023 maloboti oposa 4 miliyoni anali akugwira ntchito m'mafakitale padziko lonse. Inu amene muli ku Joni simuli nawo kutali: ali m'mafakitale a galimoto ku Rosslyn, Silverton, Durban, Kariega ndi East London. Achinyamata amene akuphunzira zamagetsi ndi zamakina lero adzakumana nawo ndithu. Malamulo amene amisiri amatsata pankhaniyi ndi ISO 10218, amene anakonzedwa mu 2011 n'kukonzedwanso mu 2025, ndi ISO/TS 15066 ya mu 2016, imene inafotokoza mwatsatanetsatane njira zinayi zoti munthu ndi loboti agawane malo. Tisanafike panjira zinayizo pali njira yakale, yongowalekanitsa.

Mpanda ndi geti

Loboti yaikulu yowotcherera kapena yosanja matumba pamapaleti imanyamula makilogalamu mazana, ndipo nsonga ya mkono wake imathamanga mamita angapo pa sekondi. Ilibe khutu lomva kukuwa. Kwa loboti yotere mpanda wa waya wolimba, wokhala ndi geti lolumikizidwa ku swichi yachitetezo, udakali njira imene ndimaidalira kuposa zonse. Umatchinga munthu, komanso umagwira zimene masensa sangagwire: chitsulo chopulumuka, moto wothetheka, thumba logwa. Fumbi silimausokoneza. Loboti imathamanga liwiro lake lonse, ndipo mtengo wa mpanda ndi wochepa poyerekeza ndi wa lobotiyo.

Koma mpanda uli ndi matenda ake, ndipo ndinawaona ndi maso. Pafakitale ina imene ndinagwirako ntchito yamagetsi panali loboti yosanja makatoni. Swichi ya pageti inali ya mtundu uja wokhala ndi kachitsulo kooneka ngati lilime: geti likatsekedwa kamalowa m'bowo la swichi, likatsegulidwa kamatuluka, makina n'kuima. Tsiku lina usiku ndinapeza geti lili pululu, nyale yobiriwira ikuyaka, loboti ikugwira ntchito. Munthu anamasula kachitsuloko pageti, n'kukasomeka m'swichi, n'kukamanga ndi waya kuti kasagwe. Ndinafunsa mkulu amene ankayang'anira makinawo kuti, "Achimwene, kachitsulo aka kafika bwanji apa?" Iwo sanabise. Anati, "Katoni imagwa kambirimbiri usiku umodzi. Tikamatsegula geti nthawi zonse, kudzutsanso makina kumadya nthawi, katundu satha, ndipo mawa muofesi moyankha mlandu mukhala ife."

Sanali munthu wosasamala. Anali bambo wa ana amene anamuika pakati pa zinthu ziwiri, ndipo anasankha chimene chinkamuopsa tsiku lililonse. Tinasintha swichi n'kuika ya mtundu wozindikira kachipangizo kake kokha, yosanamizika ndi kachitsulo kapadera. Koma chimene chinathetsa vuto si chimenecho. Tinakonza zitsulo za m'mbali mwa lamba kuti makatoni asiye kupindika, ndipo wopanga pulogalamu anafupikitsa njira yodzutsira makina. Chifukwa cholowera chitachepa, chilakolako chonamiza swichi chinathanso. Mpanda umene umachedwetsa ntchito kakhumi pa shifiti udzagonjetsedwa, kaya ndi waya, kaya ndi kudumpha monga anachitira bambo Urada.

Polowa kukakonza zinthu, geti lokha silikwanira, chifukwa mnzanu akhoza kulitseka inu muli m'kati n'kudina batani. Pamenepa pamafunika loko wa munthu aliyense payekha pa swichi yaikulu, kiyi m'thumba la mwini wake. Olowa akakhala atatu, maloko akhalenso atatu. Palinso makiyi olumikizana, oti kiyi wotsegulira geti sazuka pabokosi lamagetsi mpaka magetsi atazima. Njira imeneyi ndimaikonda chifukwa sidalira kukumbukira kwa munthu wotopa. Musaiwale mpweya ndi mafuta opanikizika m'mapaipi: magetsi akhoza kuzima chogwirira chili ndi mphamvu yotseka.

Nthawi zina mmisiri amayenera kukhala m'kati loboti ili yoyaka, monga poiphunzitsa njira yatsopano. Apa lamulo limati isapitirire mamilimita 250 pa sekondi, ndipo munthuyo agwire kabokosi kowongolera kamene kali ndi swichi ya malo atatu kumbuyo kwake. Mukapanda kuigwira, loboti siyenda. Mukaifinya pang'ono mpaka pakati, iyenda. Mukaifinya zolimba, iima. Amene anaiganizira anadziwa thupi la munthu: wodzidzimuka amataya chimene wagwira kapena kuchifumbata kwambiri, ndipo zonse ziwirizo zimaimitsa makina. Ndikaona swichi imeneyi itakulungidwa ndi tepi mtima umandiwawa.

Loboti yoima munthu akafika

Pali ntchito zoti munthu amabwera pafupipafupi kudzaika chitsulo patebulo kapena kuchotsa chimene chatha. Kutsegula ndi kutseka geti mphindi iliyonse sikungatheke. Apa polowera pamaikidwa chimene amisiri amachitcha light curtain: mizati iwiri yoyang'anizana, wina ukutumiza timizere ta kuwala kosaoneka ndi maso, winawo ukulandira. Dzanja likadula kamzere kamodzi, loboti imaima. Zilipo zozindikira chinthu cha mamilimita 14, ndiye kuti chala, ndi za mamilimita 30 zozindikira dzanja. Magetsi a mamota sazima, koma makina achitetezo amayang'anira kuti mkono usasunthe ngakhale pang'ono munthu ali pomwepo. Akachoka, ntchito imapitirira pamene inalekera.

Njirayi ndi yabwino, yachangu, ndipo ambiri amaimvetsa. Zofooka zake n'ziwiri. Kuwala sikugwira chinthu chouluka. Chachiwiri ndicho choopsa: timizere timaona munthu akamadutsa, koma akadutsa n'kuima m'kati, timalumikizananso ngati palibe aliyense. N'chifukwa chake batani lodzutsira liyenera kukhala panja, poti wodina akuona malo onse, komanso poti munthu ali m'kati sangalifikire. Pakakhala pobisika kuseri kwa makina, pamafunika chipangizo china chozindikira kuti pansi pali munthu.

Kuchepetsa liwiro munthu akamayandikira

Njira imeneyi imasangalatsa kuionerera. Mpanda palibe. Pansi, chapafupi ndi akakolo, pali sikana, chipangizo chimene chimasesa malo mozungulira ndi kamzere ka kuwala kosaoneka (laser) kuti chizindikire munthu. Munthu akalowa m'dera lakunja, loboti imachepetsa liwiro, akafika m'dera lam'kati, imaima, akabwerera, imayambiranso. Ena amagwiritsa makamera oikidwa m'mwamba.

Chimene wogulitsa satsindika kwenikweni ndi masamu ake. Lamulo la ISO 13855 limawerengera kuti munthu woyenda amayandikira pa mamilimita 1,600 pa sekondi, ndipo dzanja lotambasulidwa pafupi limafika pa 2,000. Tiyerekeze kuti kuchokera pamene sikana yaona phazi kufika pamene mkono waimiratu pamadutsa theka la sekondi. Pa nthawi imeneyo munthu wayenda masentimita 80. Kenako muwonjezere mita imodzi ndi pang'ono, chifukwa sikana imaona miyendo pamene dzanja lili kale patsogolo. Ndiye kuti dera loimitsira liyambire mamita pafupifupi awiri kuchokera pamene mkono ungafike, utanyamula katundu wake wautali. Anthu ambiri amasankha sikana pofuna kupulumutsa malo, n'kudzapeza kuti ikudya malo ambiri kuposa mpanda, poti mpanda ukhoza kuima pafupi.

Theka la sekondi limenelo silongoganizira. Liyenera kuyezedwa ndi chipangizo, loboti ili pa liwiro lake lenileni, mkono utatambasuka, katundu ali wodzaza, ndipo liziyezedwanso pakapita nthawi chifukwa mabuleki amatha. Wina akawonjezera liwiro mu pulogalamu osawerengeranso mtunda, mizere yachikasu yopentedwa pansi ija yasanduka bodza.

Vuto lina ndi malo enieniwo. Sikana imafuna mpweya woyera. M'fakitale ya ufa, simenti, shuga kapena matabwa, fumbi limakhala pagalasi lake ndipo imayamba kuimitsa makina popanda munthu. Nthunzi ndi zitsulo zonyezimira zimaisokonezanso. Paleti yoikidwa patsogolo pake imachita mthunzi umene munthu angayendemo osaoneka. Komanso ngati njira ya anthu opita kukantini ikudutsa m'dera lakunja, loboti izingokwawa tsiku lonse, ndipo posachedwa wina adzapempha kuti deralo alichepetse. Kuima kopanda chifukwa kumabala zomwe zija za kachitsulo komangidwa ndi waya. Koma pamalo aukhondo, otakasuka, pomwe munthu amabwera mwa apo ndi apo kudzachotsa paleti yodzaza, sikana imagwira ntchito yabwino kwambiri ngakhale ndi loboti yaikulu.

Kuiwongolera ndi dzanja

Apa loboti imasenza kulemera, munthu amapereka maso ndi nzeru. Iye amagwira chogwirira chili kunsonga kwa mkono, chokhala ndi swichi ya malo atatu ija ndi batani loimitsira mwadzidzidzi, n'kulondolera katundu pamalo pake pa liwiro lochepa. Akasiya, mkono umaima. Imathandiza poika zinthu zolemera zofuna kulunjika bwino, ndipo imapulumutsa misana ya anthu. Ntchito zoterezi n'zochepa, ndiye simudzaiona kawirikawiri. Chofunika kusamala ndi mapazi ndi zala za munthuyo pansi pa katundu.

Cobot: loboti yololedwa kukhudza munthu

Njira zonse zam'mbuyozi cholinga chake n'choti loboti yoyenda yokha isamufike munthu. Iyi yokha ndiyo imavomera kuti idzamukhudza, n'kulonjeza kuti sidzamupweteka. Mawu akuti cobot anachokera kwa J. Edward Colgate ndi Michael Peshkin a ku Northwestern University ku America mu 1996, koma anafala kampani ya Universal Robots ya ku Odense, Denmark, itayamba kugulitsa UR5 mu 2008, mkono wonyamula makilogalamu 5. Pambuyo pake makampani ena anatsatira: KUKA inatulutsa LBR iiwa yokhala ndi masensa pamfundo zake zonse 7, ABB inatulutsa YuMi ya mikono iwiri, ndipo Fanuc inabweretsa CR-35iA yonyamula makilogalamu 35, yovekedwa chikuto chofewa chobiriwira. Onsewa amamva akagunda chinthu ndipo amaima. Masiku ano pa maloboti khumi atsopano, pafupifupi imodzi imakhala yamtunduwu.

Funso n'lakuti kugunda kwake kufike pati. Ofufuza a ku yunivesite ya Mainz ku Germany anayeza anthu 100, kukanikiza malo 29 a thupi kuti apeze pamene ululu umayambira, ndipo zotsatira zake zinalowa mu ISO/TS 15066. Dzanja kapena chala chikapanikizika, mphamvu isapitirire newton 140, kumene kuli ngati kulemera kwa makilogalamu 14. Pamimba ndi newton 110. Kumaso ndi 65 basi. Kugunda kwakanthawi, koti thupi lili ndi kothawira, kumaloledwa kufika kuwirikiza kawiri, koma osati kumutu. Kumutu loboti isafikeko n'komwe, ndipo izi zimakhudza msinkhu wa tebulo, ngakhalenso munthu wowerama kutola sikuluu imene yagwa.

Taganizirani ndowa ya madzi ya makilogalamu 14 itaikidwa pachikhatho. Mupirira. Tsono kulemera komweko kukhale pansonga ya msomali. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya cobot. Mkono ukhoza kukhala wosalala, wopanda ngodya, womva msanga, koma chimene wagwira ndicho chimakumana ndi thupi. Cobot yogwira mpeni, lata lakuthwa m'mbali, chobowolera kapena chowotcherera siingatetezedwe ndi njira imeneyi, kaya bokosi lake linalembedwa zotani. Olemba malamulo anaona momwe anthu ankasocherera ndi dzinali, moti mu ISO 10218 ya 2025 sakunenanso za loboti yogwirizana ndi munthu, akunena za ntchito yonse: mkono, chogwirira, katundu, tebulo ndi liwiro pamodzi.

Pamene cobot imakwanira bwino ndi pantchito ngati imene BMW inaipatsa pafakitale yake ya ku Spartanburg ku America: kukanikiza ndi kagudumu zotchingira phokoso ndi chinyezi m'kati mwa zitseko za galimoto, munthu atazikhazika kale pamalo pake. Chida n'chobuntha, katundu ngwopepuka, liwiro n'lochepa, ndipo ntchitoyo inkatopetsa manja a anthu.

Mtengo wake weniweni ndi liwiro. Kuti kugunda kusapitirire malire, mkono uyenera kuyenda pang'onopang'ono, ndipo ukalemera katundu uyenera kuchepetsanso. Zimachitika kawirikawiri kuti fakitale igula cobot pothawa mtengo wa mpanda, ipeza kuti katundu sakukwana, iwonjezera liwiro, n'kumaliza ndi kuika sikana kapena mpanda womwe uja. Walira mvula walira matope: wofuna kuchotsa mpanda avomere kuchedwa. Choipitsitsa ndi kuwonjezera liwiro osaika kalikonse. Ndipo manambala a pa kompyuta ya loboti si umboni. Pamafunika chipangizo choyezera mphamvu, chiikidwe pamalo aliwonse pamene dzanja lingapanikizike pakati pa mkono ndi tebulo, loboti ichigunde, muwerenge chimene chatuluka.

Ine ndingasankhe chiyani

Loboti ikakhala yolemera, yothamanga, yogwira chakuthwa kapena chamoto, kapena malo akakhala afumbi, ndimaika mpanda ndi makiyi olumikizana, ndipo ndalama zotsala ndimaziwonongera pothetsa zinthu zimene zimakakamiza anthu kulowa. Sindichita manyazi kuti ndi njira yakale. Munthu akamabwera pamalo amodzi mobwerezabwereza kudzaika ndi kuchotsa, mpanda mbali zitatu ndi light curtain kutsogolo zimandikwanira. Sikana ndimaisungira malo aukhondo ndi otakasuka, komanso pokhapokha ngati pali munthu pafakitalepo wodziwa kuyeza nthawi yoimira ndi kupukuta galasi. Cobot yopanda chotchinga ndimaivomera pa katundu wopepuka ndi wobuntha, patebulo lotsika kuposa nkhope. Nthawi zambiri njira zimasakanizidwa, monga cobot imene imathamanga sikana ikaona kuti palibe munthu, n'kubwerera paliwiro lofatsa wina akayandikira.

Kumene zipangizo zosinthira zimatenga milungu kuti zifike, ndimaganiziranso za tsiku limene sikana idzafa. Geti lothyoka mmisiri wa pafupi aliwotcherera lero lomwe. Sikana yakufa imasiya fakitale pa mayesero aakulu olumikiza mawaya modutsa chitetezo kuti ntchito isaime, ndipo zimene zinanenedwa kuti n'za masiku awiri zimatha chaka.

Palinso nkhani ya kuthimathima kwa magetsi, imene ife a ku Malawi, Zambia ndi South Africa timaidziwa bwino. Magetsi akazima, mabuleki a loboti amagwira okha, koma chogwirira chodalira kuyamwa mpweya chikhoza kutaya katundu, choncho funsani wogulitsa chimene chimachitika ndi bokosi limene lili m'mwamba. Magetsi akabwera, kapena jenereta ikalira, loboti isadzuke yokha. Mdima ukagwa anthu amalowa m'malo amene salowamo masiku onse, poganiza kuti zonse zafa.

Kaya mwasankha njira iti, mabuleki omwewo amene amagwira mkono ndiwo angagwirenso munthu amene wapanikizika. Batani lofiira limaimitsa loboti, koma silimuchotsa munthuyo. Maloboti ambiri aakulu ali ndi njira yomasulira buleki ya mfundo imodziimodzi, pena mabatani patsinde pake, pena kabokosi kapadera kolumikiza. Womasula ayenera kudziwa mfundo yoyenera, chifukwa buleki ikamasuka mkono umagwa ndi kulemera kwake, ndipo ukhoza kugwera pa munthu yemweyo ngati sunachirikizidwe ndi unyolo kapena chonyamulira. Zimenezi siziphunziridwa tsiku la ngozi. Shifiti iliyonse, makamaka ya usiku pamene mainjiniya ali kunyumba, pakhale anthu osachepera awiri amene anamasulapo buleki ndi manja awo poyeserera, ndipo kabokosi kaja kapachikidwe pafupi ndi loboti, osati m'kabati ya muofesi imene kiyi wake wapita ndi bwana.